Ndalama zaikidwa, nanga zipolopolo zili kuti? Za kukonzeka kwa asilikali a ku Ulaya

Mlonda:
Akuluakulu nonse, nkhani iyi takhala tikuigunda m'mbali, lero tiikhalire pansi. Mu June 2025 atsogoleri a NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, atakumana ku The Hague anagwirizana kuti pofika 2035 dziko lililonse lizipatula 5 peresenti ya chuma chake cha pachaka kupita ku chitetezo: 3.5 ya asilikali ndi zida, 1.5 ya misewu, madoko, milatho ndi zina zothandizira. Spain ndi imene inakana poyera. Mu 2014 ku Wales muyezo unali 2 peresenti, ndipo okwanitsa anali atatu basi, America, Britain ndi Greece. Pofika 2024 anali 23 mwa mayiko 32. Ndalama ndiye zikukwera ndithu. Chondizunguza mutu n'chakuti akuluakulu a asilikali a mayiko omwewo akunenabe kuti nkhondo itabuka lero sangapirire nthawi yaitali. Ndalamazo zikulowa kuti? Nanga chiopsezo cha Russia chikunenedwachi n'chenicheni, kapena chikukokomezedwa ndi ogulitsa zida?

Mmisiri:
Achimwene, tiyambire pa chipolopolo cha mzinga, chifukwa apa mpamene zolankhula za andale zimathera. Cha 155mm chimene mayiko a NATO amagwiritsa ntchito chimalemera makilogalamu oposa 40. Kuti chikagwe pamene mwalozetsa n'kuphulika pamafunika chigoba chachitsulo, mankhwala ophulika a m'kati mwake, fyuzi ya kumphuno, ndi wonga wochikankha kuchoka mu mpope. Chilichonse mwa zimenezi chimachokera ku fakitale yakeyake, ndipo chimodzi chikasowa, zina zitatuzo ndi katundu wongodzaza nyumba.

Chigoba ndiye chosavutirapo. Amatenthetsa chitsulo, kuchipsinja m'makina, n'kuchipala mpaka chifike pa muyezo. Povuta ndi pa mankhwala. TNT, mankhwala ophulika a m'katiwo, amasungunuka pa madigiri 80, ndiye amamuthira m'chigoba ali wamadzimadzi n'kumuziziritsa pang'onopang'ono kuyambira pansi. Mukafulumira, m'kati mumatsala timphako, ndipo chipolopolo chotero chikhoza kuphulikira mu mpope momwemo n'kupha owombera ake. N'chifukwa chake amaziunika ndi X-ray. Fakitale yaikulu ya TNT mu EU ndi imodzi, Nitro-Chem ya ku Bydgoszcz ku Poland, ndipo gawo la katundu wake limagulidwa ndi America. Wonga nawo umapangidwa ndi nitrocellulose, wochokera ku tiubweya tatifupi totsalira pa njere za thonje akaliwomba, ndipo tambiri ta tiubweya timeneti timachokera ku China. France inasiya kupanga wonga wa mizinga mu 2007, yayambiranso ku Bergerac mu 2025.

Fakitale ya mankhwala ophulika sangaimange ngati sitolo. Nyumba iliyonse imakhala patali ndi inzake, pakati pali zimulu za dothi, kuti ina ikaphulika isayatse zinzake. Pamafunika malo aakulu, ziphaso, asidi wambiri, ndi anthu odziwa ntchito amene ambiri anapuma kale. Zonsezi ndi zaka, osati miyezi. Ndalama zikabwera mafakitale asanakule, chimakwera ndi mtengo. Mu October 2023 Admiral Rob Bauer wa NATO ananena kuti chipolopolo chimene chinali mayuro 2,000 chinali chitafika mayuro 8,000. Apo bajeti ikhoza kuwirikiza kawiri, zipolopolo n'kuchepa.

Nangozo:
Kuwonjezera pa za a Mmisiri, mu March 2023 EU inalonjeza Ukraine zipolopolo miliyoni imodzi m'miyezi 12. Miyeziyo itakwana inali itapereka pafupifupi theka, ndipo miliyoniyo inakwana chakumapeto kwa 2024. Mpaka Purezidenti Petr Pavel wa Czech Republic anachita kuyambitsa zokagula kunja kwa Ulaya, atanena ku Munich mu February 2024 kuti anthu ake apeza zipolopolo 800,000 zimene zingagulidwe ndalama zitapezeka. Mayiko olemera chonchi kumasakasaka zipolopolo m'misika ya eni ake, chimenecho chokha chikukuuzani mmene nkhokwe zinalili.

Zinthu zasinthako, tisabise. Rheinmetall, kampani ya zida ya ku Germany, inatsegula fakitale yatsopano ku Unterlüß mu August 2025, imene akuti izidzatulutsa zipolopolo 350,000 pachaka pofika 2027. Koma Mark Rutte, mlembi wamkulu wa NATO, anabwereza kangapo m'miyezi yoyambirira ya 2025 kuti Russia imapanga m'miyezi itatu zimene NATO yonse imapanga m'chaka.

Mmisiri:
Ndinaiwala mpope weniweniwo. Nthawi iliyonse mukawomba, mpweya wotentha umadya timizere ta m'kati timene timazunguza chipolopolo. Pakadutsa zipolopolo masauzande ochepa, mpope umakhala wakula kukamwa, chipolopolo chimayamba kugwa pafupi kapena pambali, ndipo muyenera kusintha. Makina obowola mipope yotalika mamita asanu ndi atatu ndi owerengeka ku Ulaya konse. Chinanso, ngakhale onse amati 155mm, chipolopolo cha dziko lina mu mzinga wa dziko lina sichiuluka mofanana. Mzinga uliwonse uli ndi tebulo lake la masamu owombera, ndipo chipolopolo chachilendo chiyenera kuyesedwa kaye n'kulowetsedwa mu kompyuta yake. Anyamata a ku Ukraine anapatsidwa mizinga yosiyanasiyana, Caesar, PzH 2000, M777, Krab, Archer, ndipo anakumana nalo vutoli maso ndi maso.

Mphunzitsi:
Ndamva zonsezi ndipo sindikutsutsa manambala. Koma funso lachiwiri la a Mlonda lisazembedwe. Russia yomwe ikunenedwa kuti idzameza Ulaya inalephera kulanda Kyiv mu 2022, inataya sitima yake yaikulu ya pa Black Sea, Moskva, mu April chaka chomwecho, ndipo inatha miyezi yambirimbiri ndi miyoyo yosawerengeka pa matauni ang'onoang'ono ngati Bakhmut ndi Avdiivka. Mayiko a NATO a ku Ulaya akaphatikizana ali ndi asilikali oposa miliyoni imodzi ndi theka, ndege zabwino kuposa za Russia, ndi chuma choposa cha Russia kambirimbiri. France ndi Britain ali ndi mabomba a nyukiliya awoawo. Ndiye munthu akandiuza kuti akasinja a Russia akubwera ku Berlin, ndimafuna andionetse adutsira pati.

Tisaiwalenso amene akupindula. Masheya a Rheinmetall akwera koposa kakhumi chiyambire 2022. Ndipo ndalamazi sizikugwa kumwamba. Mu February 2025 Keir Starmer, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, analengeza kuti dzikolo lichepetsa thandizo lopita ku mayiko osauka kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti pofika 2027, kuti ndalamazo zipite ku asilikali, mpaka nduna yoona za thandizolo, Anneliese Dodds, inatula pansi udindo. Thandizo limenelo ndi limene limafika ku zipatala ndi masukulu a mayiko ngati Malawi. Choncho nkhaniyi tili ndi ufulu woifunsa mafunso olimba.

Mlonda:
Aphunzitsi, pa za thandizo sindikutsutsani ngakhale pang'ono, ndipo zimandiwawa. Koma pa za Berlin mwamenya chithunzi chimene odziwa nkhaniyi sajambula. Chimene amaopa si nkhondo yolanda Ulaya yense. Amaopa kuyesedwa kwa Article 5 ya pangano la NATO. Ndime imeneyi imati wina akaukiridwa onse aukiridwa, koma mawu ake amasiyira dziko lililonse kuchita chimene ilo laona kuti n'choyenera. Yagwiritsidwapo ntchito kamodzi kokha, pambuyo pa 11 September 2001. Taganizirani tauni ya Narva ku Estonia, ili pa mtsinje wa m'malire, anthu ake ambiri amalankhula Chirasha. Asilikali opanda zizindikiro atailowa usiku umodzi monga zinachitikira ku Crimea mu 2014, Moscow n'kunena kuti aliyense woyandikira akumana ndi nyukiliya, funso lingakhale lakuti kodi Madrid, Rome ndi Washington atumiza ana awo kukafera tauni imodzi? Atazengereza sabata imodzi yokha, mgwirizano wonse watha ntchito. Pamenepo Russia sifunika kugonjetsa asilikali miliyoni ndi theka. Ingofunika kufika msanga kuposa iwo.

Wanjanji:
Pa kufika msanga mpamene ndikufuna ndiikepo mawu, chifukwa anthu amawerenga akasinja koma sawerenga milatho. Kasinja wamakono wa Leopard 2 amaposa matani 60. Mukamukweza pa chilole chake, zonse pamodzi zimapitirira matani 100, pamene misewu ndi milatho yambiri ya ku Ulaya inakonzedwera malole a matani 40 kapena 44. Nthawi ya nkhondo ya mawu pakati pa America ndi Soviet Union, milatho ya ku West Germany inali ndi zikwangwani zachikasu zosonyeza kulemera kwa galimoto yankhondo imene ingadutsepo. Kum'mawa, kumene kuli malire a NATO tsopano, milatho inamangidwa poganizira akasinja a Soviet Union amene anali opepuka, matani a m'ma 40.

Ndiye njira yeniyeni ndi sitima. Koma njanji ya ku Germany ndi Poland ndi yotambasuka mamilimita 1,435, pamene ya ku Lithuania, Latvia ndi Estonia ndi 1,520, yotsala kuchokera nthawi ya Russia. Sitima ikafika ku Lithuania, katundu ayenera kutsitsidwa n'kukwezedwa pa mabogi ena. Kasinja aliyense amasulidwe matcheni, atsike, akwere, amangidwenso, ndipo malo ochitira zimenezi ndi odziwika kwa mdani. Rail Baltica, njanji yatsopano yoti ithetse vutoli, yachedwa ndi zaka ndipo mtengo wake wakwera kangapo. Mabogi afulati onyamula akasinja nawo ndi ochepa, poti makampani a sitima anawachepetsa atasowa owabwereka.

Pamwamba pa zonsezi pali mapepala. Ofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za EU anapeza mu 2025 kuti dziko lina limafuna kudziwitsidwa masiku 45 asilikali a mnzake asanadutse m'malire ake. Zipolopolo zimawerengedwa ngati katundu woopsa, ndiye dziko lililonse lili ndi malamulo ake a njira ndi maola oyendera. EU ikufuna chilolezo chizituluka m'masiku atatu. Ndipo onse opita ku mayiko atatu a ku Baltic aja pamtunda ayenera kudutsa pa kampata ka Suwałki, makilomita pafupifupi 65 pakati pa chigawo cha Russia cha Kaliningrad ndi Belarus, pamene mizinga ya mbali zonse ziwiri imafika.

Nambewe:
Bambo Wanjanji mwanena za zitsulo, ine ndinene za anthu, chifukwa fakitale mungaimange m'zaka zitatu koma sajeni wodziwa ntchito amatenga zaka khumi. Gulu lankhondo la pamtunda la Britain latsika kufika cha m'ma 73,000, chiwerengero chochepetsetsa kuyambira nthawi ya Napoleon. West Germany inali ndi asilikali pafupifupi 495,000. Germany yogwirizana ya lero ili ndi a m'ma 180,000, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikulephera kufika pa 203,000 amene inadziikira. Inaimitsa usilikali wokakamiza mu 2011, ndipo pamodzi ndi lamulolo anatseka maofesi olembera anthu, nyumba zogona, ndi malo ophunzitsira. Lero ngakhale atati aitane anyamata onse a zaka 18, alibe powagoneka ndi owaphunzitsa. N'chifukwa chake lamulo latsopano limene Bundestag, nyumba ya malamulo ya Germany, inavomereza mu December 2025 likuyamba ndi mafunso olembera ndi kuyeza m'thupi, kulowa kwenikweni kukhale kofuna wekha kaye.

Vuto silili pa khomo lolowera lokha. Ku Germany, mmodzi mwa anayi olembedwa kumene amachoka miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Ku Britain ntchito yolemba asilikali inaperekedwa kwa kampani ya Capita mu 2012, ndipo aphungu a ku nyumba ya malamulo akhala akudandaula kuti mnyamata amadikira miyezi yambiri kuti mapepala ake a zachipatala aonedwe, mpaka amatopa n'kukapeza ntchito ina. Kwa amene ali kale m'kati, zowachotsa ndi nyumba zachinyezi, kusamutsidwasamutsidwa kumene kumalepheretsa mkazi kapena mwamuna kugwira ntchito, ndi malipiro a makampani. Makaniko wa ndege kapena wodziwa za makompyuta akaphunzitsidwa zaka zisanu ndi zitatu, kampani imam'tenga ndi malipiro okwera. Akachoka mmodzi wotere, ndege imakhala pansi ngakhale woyendetsa alipo.

Izi n'zimene zinachititsa Britain kufewetsa lamulo mu 2018 kuti nzika za Commonwealth zizitha kulembetsa osayamba zakhala ku Britain zaka zisanu. Abale athu a ku Malawi alimo m'gulu limeneli, pamodzi ndi a ku Fiji, Ghana ndi Kenya. Ndiye pamene tikumva za biligedi (gulu la asilikali masauzande angapo) ya Britain yoti ipite ku Estonia, tidziwe kuti mwina muli mwana wa kwathu.

Tsinde:
Funso kwa odziwa. Nyuzi zikati dziko lili ndi akasinja 300 kapena sitima zankhondo zisanu ndi imodzi, zonsezo zimakhala zoyenda?

Mmisiri:
Ayi achimwene, ndipo apa mpamene pali chikomekome cha mkuyu. Pa zida zikuluzikulu, kawirikawiri gawo lina limakhala ku galaja yaikulu, lina kophunzitsira, ndipo lotsalalo ndi limene lingatuluke lero. Sitima zitatu pa pepala ndi sitima imodzi panyanja. Zimaipiraipira masipeyala akasowa, chifukwa amakaniko amayamba kuchotsa pampu kapena giyabokosi pa kasinja wina kuti wina ayende. Wochotsedwayo amawerengedwabe m'buku, koma ndi chigoba.

Germany itasintha dongosolo mu 2011, magulu ambiri ankapatsidwa 70 peresenti yokha ya zida zawo, n'kumabwerekana ikafika nthawi ya zoyeserera. Bataliyoni imodzi kuti ituluke yokwanira, inkayenera kuvula anzake. Mu December 2022, pa zoyeserera za gulu loti likhale loyamba kuthamangira NATO ikaitana, magalimoto ankhondo a Puma 18 mwa 18 anapezeka ndi zovuta, mpaka anabwezeretsa Marder wakale wa m'ma 1970. Zambiri mwa zovutazo zinali zazing'ono, koma zinaonetsa kuti galimoto yodzaza makompyuta imafuna amakaniko ndi masipeyala pafupi nthawi zonse.

Ku Britain, sitima yonyamula ndege zankhondo ya HMS Prince of Wales inawonongeka shafuti ya pulopela mu August 2022 itangonyamuka ku Portsmouth, ndipo inatha miyezi yambiri ikukonzedwa ku Rosyth. Mu February 2024 inzake, HMS Queen Elizabeth, inalephera kupita ku zoyeserera za NATO za Steadfast Defender chifukwa cha vuto la pa shafuti pomweponso. Galimoto yankhondo ya Ajax, imene anaitanitsa 589 pa mapaundi 5.5 biliyoni, yachedwa zaka zambiri chifukwa cha phokoso ndi kunjenjemera kodwalitsa okweramo, ndipo mu November 2025 anaimitsanso kuigwiritsa ntchito asilikali pafupifupi 30 atadwala pa zoyeserera. Mwa akasinja a Challenger 2, ndi 148 okha amene akukonzedwa kukhala Challenger 3. Netherlands inagulitsa akasinja ake onse kuyambira 2011, pano ikugulanso. Denmark inapereka mizinga yake yonse 19 ya Caesar ku Ukraine.

Nangozo:
Ine chimene chimandidetsa nkhawa kuposa akasinja ndi kumwamba. Usiku wa pa 9 mpaka 10 September 2025, madironi a Russia pafupifupi 20 analowa mu Poland. Kuti agwetse ochepa mwa iwo anadzutsa ndege za F-35 za Netherlands ndi F-16 za Poland. Dironi ya mtundu wa Shahed ndi ya madola masauzande makumi angapo, ndipo zina mwa zimene zinalowa usiku umenewo zinali zonamizira chabe, za mapulanga ndi thovu. Mzinga umodzi wouluka wa Patriot wa mtundu wa PAC-3, wogwetsera zida za m'mwamba, ndi pafupifupi madola 4 miliyoni, ndipo fakitale yake imatulutsa mazana angapo okha pachaka, oti agawane America, Ulaya, Ukraine, Middle East ndi Asia. Russia imatha kuponya madironi oposa 500 usiku umodzi pa Ukraine. Masamu amenewa sangatheke. Mdani amakutherani mizinga yodula ndi zinthu zotchipa, kenako n'kutumiza zenizeni.

Chida chimene chagwira bwino ntchito yogwetsa madironi ku Ukraine ndi Gepard, kasinja wa mifuti iwiri ya 35mm amene Germany inam'pumitsa mu 2010 poganiza kuti ntchito yake yatha. Atam'tumiza ku Ukraine anapeza kuti zipolopolo zake zambiri zinapangidwa ku Switzerland, ndipo Switzerland inakana kuti zitumizidwe ku dziko limene lili pa nkhondo. Anachita kuyambitsanso kupanga ku Germany. Chitetezo cha kumwamba chimafuna magawo: zosokoneza mawailesi ndi mifuti pansi penipeni, madironi ogwetsa anzawo, mizinga youluka ya IRIS-T ndi NASAMS pakati, Patriot ndi SAMP/T pamwamba. Ulaya anasunga pang'ono za pamwamba n'kutaya za pansi.

Mphunzitsi:
A Mlonda, za Narva ndazimva, ndipo ndikuvomera kuti n'zomveka kuposa za Berlin. Koma onani kuti zonse zimene a Mmisiri, a Wanjanji ndi a Nangozo anena si kuchepa kwa ndalama. Ndi kugula molakwika. Mu 2017 European Commission inawerenga mitundu 178 ya zida zikuluzikulu ku Ulaya pamene America ili ndi 30, mitundu 17 ya akasinja pamene America ili ndi umodzi. Dziko lililonse limateteza fakitale yake ndi mavoti a m'tauni imene muli fakitaleyo. Ndege yatsopano ya France, Germany ndi Spain yakhala ikutsamwa pa mkangano wa makampani a Dassault ndi Airbus wa amene atsogolere. Mukathira 5 peresenti m'dengu lobooka chonchi, mutaya zambiri kuposa kale. Olaf Scholz, mtsogoleri wa Germany panthawiyo, analengeza mayuro 100 biliyoni a asilikali pa 27 February 2022, ndipo gawo lalikulu linapita ku zinthu zazikulu monga F-35 ndi mahelikopita a Chinook, zofika patapita zaka.

Komanso azungu okhaokha sakugwirizana kuti chiopsezo n'chiti. Wa ku Tallinn, likulu la Estonia, amayang'ana kum'mawa. Wa ku Rome kapena Madrid amayang'ana ku Mediterranean ndi Sahel. Washington imayang'ana China. JD Vance, wachiwiri kwa purezidenti wa America, anaima ku Munich mu February 2025 n'kunena kuti chimene chimamudetsa nkhawa kwambiri pa Ulaya si Russia kapena China koma za m'kati mwa Ulaya momwemo. Ndipo alipo akatswiri enieni amene amati lonjezo la ku Bucharest la 2008, loti Ukraine ndi Georgia adzalowa NATO, linaputa mavu popanda kupereka chitetezo. Simuyenera kugwirizana nawo, koma si anthu ogulidwa onse.

Mlonda:
Pa kugula molakwika tili limodzi. Pa Bucharest ndisiyana nanu pang'ono. Finland inakhala kunja kwa NATO zaka zoposa 70, Sweden inakhala yosalowerera zaka 200. Palibe anawakakamiza. Ataona Russia ikuukira Ukraine mu February 2022 anapempha okha, Finland n'kulowa mu April 2023, Sweden mu March 2024. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndiye anaganiza choncho anthu amene amamudziwa mnansi wawo kuposa ife tonse pano.

Za chuma cha Russia, tisapusitsidwe ndi kusintha ndalama kupita ku madola. Msilikali, chitsulo ndi magetsi n'zotchipa ku Russia. Bungwe la IISS la ku London litawerengera mphamvu yogulira zinthu, linapeza kuti ndalama za nkhondo za Russia mu 2024 zinali zofanana ndi za mayiko onse a ku Ulaya ataphatikizana, kuposako pang'ono. Kuwonjezera apo ali ndi zipolopolo za ku North Korea ndi luso la madironi lochokera ku Iran.

Ndipo zina zikuchitika kale pansi pa nyanja ya Baltic. Paipi ya gasi ya Balticconnector inaduka mu October 2023, zingwe ziwiri za intaneti mu November 2024, chingwe cha magetsi cha Estlink 2 pa 25 December 2024. Nthawi zonse ndi nangula wa sitima yamalonda wokokedwa pansi. Finland inagwira sitima ya Eagle S poiganizira kuti ndiyo inadula Estlink 2, koma mu October 2025 khoti la ku Helsinki linati lilibe mphamvu yoweruza mlanduwo poti zinachitikira kunja kwa madzi a dzikolo. Kutsimikiza kuti ndi dala kapena ngozi n'kovuta, ndipo kuvutako n'kumene kumapangitsa njira imeneyi kukhala yokoma kwa woichita. Akasinja sangathandizepo apa. Pamafunika sitima zolondera, sitima zokonza zingwe zimene n'zochepa kwambiri, ndi malamulo a panyanja okonzedwanso.

Wanjanji:
Mfundo imene sitinaikhudze bwino ndi America. Mu 2011 ku Libya, France ndi Britain anatsogolera, koma patangopita milungu mabomba olunjika anayamba kuchepa kwa ena mwa ogwirizana nawo, ndipo ndege zambiri zothira mafuta m'mwamba ndi zaukazitape zinali za America. Robert Gates, nduna ya zachitetezo ya America panthawiyo, anawadzudzula poyera ku Brussels mu June chaka chomwecho. Mu 2013 ku Mali, France inadalira ndege za C-17 za America, Britain ndi Canada kunyamula katundu wake. Zimene Ulaya alibe zokwanira ndi zosaoneka pa perete: masetilaiti ochenjeza mzinga ukanyamuka, ndege zophwanya ma radar a mdani, zothira mafuta, zonyamula katundu wolemera, ndi malikulu otha kuyendetsa magulu akuluakulu a mayiko osiyana. Mkulu wa asilikali onse a NATO ku Ulaya wakhala wa ku America kuyambira pa Eisenhower. Bungwe la SIPRI linapeza kuti pakati pa 2020 ndi 2024, 64 peresenti ya zida zimene mayiko a NATO a ku Ulaya anagula kunja zinachokera ku America. Ngakhale mizinga ya nyukiliya ya Trident ya Britain imakonzedwera ku Kings Bay ku America. France yokha ndi imene nyukiliya yake ili m'manja mwake kuyambira pa bomba mpaka pa sitima.

Nambewe:
Komabe tisaike Ulaya yense mu mtanga umodzi. Finland, ya anthu 5.6 miliyoni ndi malire a makilomita 1,340 ndi Russia, sinasiye usilikali wokakamiza. Ikhoza kuimika asilikali 280,000 nkhondo itayamba, ili ndi mizinga yambiri kuposa mayiko akuluakulu a kumadzulo, ndipo nyumba zazikulu zimamangidwa ndi mobisalira pansi mwa lamulo. Ku Helsinki malo osambira ndi mabwalo a masewera a pansi pa thanthwe ndi mobisaliramo anthu. Poland ikuwononga zoposa 4 peresenti, ili ndi asilikali oposa 200,000, ndipo itaona kuti mafakitale a ku Ulaya achedwa inapita ku South Korea. Inasaina za akasinja 180 a K2 mu 2022, oyamba n'kufika pa doko la Gdynia mu December chaka chomwecho. Lithuania inabwezeretsa usilikali wokakamiza mu 2015, Sweden mu 2017, Latvia mu 2023, ndipo Denmark yayamba kuitana ndi atsikana omwe kuyambira July 2025. Kufooka kwenikweni kuli kwa akuluakulu a kumadzulo, amene ndi omwewo oyenera kubweretsa thandizo kum'mawa.

Poland nayo ili ndi mtolo wake. K2, Abrams, Leopard ndi otsala a T-72 ndi PT-91 m'gulu limodzi ndiye kuti masipeyala a mitundu yosiyana, sukulu za amakaniko zosiyana, ndipo Abrams ndi injini yake ya turbine amamwa mafuta ambiri kuposa anzake.

Tsinde:
Zikomo akuluakulu. Ndiye biligedi ya Germany ya ku Lithuania ija ili pati pa zonsezi? Ndinaona ikutchulidwa ngati chinthu chachikulu.

Wanjanji:
N'chachikulu ndithu, achimwene, chifukwa chikuyankha vuto la milatho ndi njanji lija mwa kuika asilikali pamalopo nkhondo isanayambe. Ndi Panzerbrigade 45, anaikhazikitsa pa mwambo ku Vilnius mu May 2025, ndipo ikuyenera kukhala yokwanira pofika kumapeto kwa 2027 ndi anthu pafupifupi 5,000, asilikali ndi ogwira ntchito wamba. Aka n'koyamba kuti Germany ikhazike gulu lalikulu chonchi kunja kwa dziko lake mokhalitsa chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ambiri adzakhala ku Rūdninkai, pafupi ndi malire a Belarus, kumene Lithuania ikumanga nyumba zogona, magalaja, nkhokwe za zipolopolo ndi misewu pa ndalama zake. Mabataliyoni awiri akuchokera ku Germany, lina la akasinja a Leopard 2 ndi lina la Puma, ndipo lachitatu ndi gulu la NATO la mayiko osiyanasiyana limene lakhala ku Rukla kuyambira 2017.

Zovuta zake ndi zomwe a Nambewe ndi a Mmisiri anena. Opitako ayenera kukhala ofuna okha, ndiye pamafunika masukulu a ana, nyumba za mabanja ndi ntchito za akazi ndi amuna awo, apo ayi sajeni wa ana atatu sasamuka. Ndipo kuti biligedi imeneyi ikhale ndi zida zokwanira 100 peresenti, magalimoto, mawailesi ndi masipeyala ena akuchotsedwa ku magulu otsala ku Germany mpaka zatsopano zitafika. Akasinja a Leopard 2A8 amene anaitanitsa, 105 a mu oda ya 2024, akuyembekezeka kubwera pang'onopang'ono mpaka 2030.